Kamboni ka M'chiuno

Inali isanakwane seveni koloko m'mawa, kunja kukuomba mphepo yozizira youlutsa fumbi, pamene Kalaliki anatulutsanso pepala m'thumba la malaya ake.

"Ndati ima pomwepo umve," anauza mkazi wake. "Si ine ndalemba izi. Ndi makina. Makina alibe m'bale."

Mkaziyo anaima pakati pa bwalo, chidebe chodzaza madzi chili pamutu. Umenewu unali ulendo wake wachiwiri wochokera kuchitsime m'mawa womwewo. Anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, moti kutula yekha chidebecho kunali kutayamba kumuvuta. Palibe amene anadzuka kukamulandira.

"Mzere wofiira wautaliwu ndi mphamvu zimene ine ndagwiritsa ntchito poyenda sabata yathayi," anatero Kalaliki, akuloza ndi cholembera. "Wako ndi uwu. Kufupika ngati mchira wa mbuzi."

"Onetsa kuno, bambo anga," anatero amayi ake, amene anali pakhonde atafunda bulangete mpaka m'makutu. Kuwerenga sankadziwa, koma mizere anaiona. "Eee! Ndimanena ine. Munthu akamangoti 'msana, msana' tsiku lililonse, mpofunika kufunsa kuti msanawo wathyoka ndi chiyani. Lero mboni yapezeka."

"Amayi, ndingatule?"

"Tula, mwana wanga, tula. Wakugwira ndani?"

Bambo ake a Kalaliki ankamva zonsezi ali m'kashedi kawo kumapeto kwa bwalo. Anthu ankangowatchula kuti a Zidebe, chifukwa zidebe zonse za m'mudzimo zinakhomedwa ndi iwo. Anaika nyundo pansi, nadzuka mozengereza chifukwa cha bondo lawo lovuta, n'kukagwira chidebecho kumunsi. Ankachidziwa bwino. Anachipanga okha, cha malita makumi awiri. Madzi anali mpaka pamkombero, ndipo m'mbali mwake munali mouma.

"Zikomo, apongozi," anatero mkaziyo motsitsa mawu. Anachotsa nkhata pamutu, n'kukonza lamba wa kamboni amene anali atatsetsereka pansi pa mimba.

Kamboni kanali kabokosi kakuda, kosaposa bokosi la machesi, komangirira m'chiuno. Kanabwera ndi anthu a kafukufuku, amene anati akufuna kudziwa mphamvu zimene anthu a kumudzi amataya poyenda. Pakhomo lililonse anthu awiri anayenera kuvala timboni timeneti kwa masabata awiri, ndipo amene apezeke kuti kuyenda kumamudya mphamvu zambiri adzalandira njinga ya keriyala yolimba. Pakhomo pa a Zidebe anavala ndi Kalaliki ndi mkazi wake. Chitsime chinali kuseri kwa chitunda, ulendo wa ola limodzi kupita ndi kubwera, ndipo mkaziyo ankapitako kanayi patsiku. Pa keriyala yotere pakanakwana zigubu ziwiri, maulendo anayi n'kusanduka awiri. Ichi n'chimene a Zidebe ankachiganizira kuyambira tsiku limene anamva za njingayo.

"Tandiuza, iwe," anatero kwa mwana wawo akubwerera kushedi. "Sabata yonseyi wayenda kupita kuti?"

"Kumsika, bambo. Kusiteji ya basi. Kukaonana ndi anthu. Kukafunsira ntchito."

"Ntchitoyo inakuyankha chiyani?"

"Zinthu zimafuna kuziyendera."

Kalaliki anagwirapo ntchito ya ukalaliki miyezi itatu m'sitolo ya simenti. Ntchitoyo inatha kalekale, koma cholembera chinatsala m'thumba, ndi dzina lomwe.

"Musamunyoze mwana," anatero amayi ake. "Mwamuna ndi miyendo. Inu mumangokhala pamenepo kugogoda malata, ndiye mumaona ngati aliyense woyenda ndi wosokonekera."

"Mwana wa mnzako ndi samba m'manja, wako ndi kazingodya," anatero a Zidebe.

"Mwambi si pepala, bambo," anatero Kalaliki, akulipinda bwinobwino. "Yatsala sabata imodzi. Njinga ija muziionera pano."

Masiku awiri otsatira a Zidebe anagwira ntchito pang'ono, kwambiri ankangoyang'ana mmene anthu awiriwa amayendera. Mwana wawo akamatuluka pakhomo ankayenda ngati pansi pakutentha. Ankanjanja, kudumpha ngalande yomwe mwana wakhanda akanangoiponda, kutembenuka kuti apereke moni kwa munthu amene sanamufunse, kuthamangira galimoto iliyonse yoima pamsewu kuti akaone watsika ndani. Mpongozi wawo akamatsika chitunda ndi chidebe, phazi silinkakwera m'mwamba. Linkangotsetsereka pamwamba pa fumbi. Khosi lili njo, mapewa ali phee. Ukamuyang'ana kuyambira m'chiuno kupita kumwamba, unkaona ngati waima ndipo njira ndi imene ikuyenda.

Lachitatu masana, ana ataweruka, a Zidebe anatenga ndodo n'kupita kusukulu. Mkulu wa kafukufuku ankakhala m'kalasi ina tsiku limeneli, kompyuta ili patebulo la aphunzitsi, timboni tosagwira ntchito tili mulu m'katoni. Anthu ankamutchula kuti a Dokotala, ngakhale kuti sanapatsepo munthu ndi panado yemwe.

"Khalani, bambo, khalani. Kavuta kamakina?"

"Ayi. Ndabwera kudzaphunzira. Kameneka kamadziwa bwanji kuti munthu watopa?"

A Dokotala anasangalala. Zinkaoneka kuti m'mudzimo palibe anali atawafunsapo funso lina kupatula la tsiku lobwera njinga.

"Kamamva kugwedezeka. Thupi likamakwera ndi kutsika, likamatembenuka, likamafulumira, iko kamasunga zonse. Ndiye kompyuta imatenga zimenezo, kuphatikiza msinkhu ndi kulemera kwa munthu, n'kutiuza mphamvu zimene wagwiritsa ntchito."

"Kulemera kwa munthu."

"Eya. Paja tinawakweza pasikelo tsiku loyamba."

"Chidebe munachikweza?"

A Dokotala anaseka, n'kuvula magalasi kuti awapukute.

"Masamu amene ali m'kompyutamo anawapeza bwanji?" anafunsanso a Zidebe.

"Anayeza anthu ambiri, akatswiri enieni. Munthu amayenda pa lamba woyenda yekha m'chipinda, atavala chophimba pakamwa choyeza mpweya umene akupuma."

"Atasenza chiyani?"

"Anali chimanjamanja."

"Oho."

Panja mbuzi inkakhukhuza msana pakhoma.

"Ine ndimakhoma zidebe, a Dokotala. Sukulu yanga ndi yochepa poyerekeza ndi yanu. Koma mkazi wosenza madzi akagwedezeka, madzi amatayika. Ndiye amene amadziwa kusenza sagwedezeka. Kamboni kanuka kakuti amene amadziwa kusenza ndiye waulesi."

"Mwaigwira mfundo, bambo! Kunena zoona mwaigwira. Ndipo timaidziwa. Katundu wa pamutu kamakina aka sikamuona. Ngakhale chitunda sikachiona bwino. Zili m'lipoti lathu, kumapeto, pamene timalemba zofooka za kafukufuku."

"Papepala la mpongozi wanga palibe."

"Pepala lija ndi laling'ono."

"Koma mwana wanga akuliwerenga pakhomo m'mawa uliwonse ngati lemba la m'tchalitchi."

"Pepani, zimenezo ndi za m'banja."

"Nanga njinga?"

"Lamulo analikhazikitsa ndi eni ntchitoyi. Amafuna chinthu choti sichingakondere. Tikayamba kumvera nkhani za pakamwa, pakhomo lililonse padzakhala mlandu." A Dokotala anavalanso magalasi, n'kutsitsa mawu ngati akupereka mankhwala obisa. "Auzeni mayiwo aziyenda mwamphamvu pang'ono. Azinjanja. Sindinakuuzeni ndine."

A Zidebe anathokoza, chifukwa analeredwa kuti azithokoza, n'kutuluka.

Madzulo mpongozi wawo atabweretsa madzi osamba m'manja kushedi, anamuimitsa. Sankacheza kawirikawiri awiriwa, ndipo mkaziyo anagwada chapatali, nkhope atayang'ana kumbali.

"Apongozi, ndapita kusukulu kuja. Kamboni kanuko sikaona chidebe. Kamangomva munthu akamagwedezeka."

"Ndiye n'chifukwa chake?"

"N'chifukwa chake. Akuti muziyenda monjanja."

Mkaziyo anagwira pakamwa. Mapewa ake anagwedezeka kwa kanthawi, mwina koposa mmene anagwedezekera sabata yonse.

"Ngati bambo ake a mwanayu?" anafunsa, dzanja lili pamimba.

"Ngati iyeyo."

"Ndiyesa, apongozi."

Anayesadi m'mawa mwake. A Zidebe anamuona akutsika chitunda, akuponda mwamphamvu ngati msilikali, madzi akukhavukira kutsogolo ndi kumbuyo. Anafika pakhomo bulauzi itamatirira pathupi, m'chidebe muli theka. Kumbuyo kwake kunkabwera amayi awiri oyandikana nawo nyumba, akuseka mosabisa.

"Taonani tsopano!" anakuwa amayi a Kalaliki ali pakhonde. "Ulesi unali wosakwana, wawonjeza uchitsiru. Kwanu anakuphunzitsa kusenza madzi kapena kuthirira msewu?"

Mkaziyo anathira madziwo mumgolo, n'kupita kushedi ali chinyowere.

"Apongozi, mundikhululukire. Sindidzachitanso."

"Atsala masiku ochepa okha."

"Madzi akatayika saoleka. Ndikataya theka ndiye kuti ndipite kasanu ndi katatu. Komanso m'mimbamu mwandikoka." Anafinya nkhata yake, madzi n'kudontha pansi. "Chinthu chimodzi chimene ndimachidziwa bwino pamudzi pano ndi chimenechi. Ndisiye kuchidziwa chifukwa cha kabokosi? Inu atakuuzani kuti muzikhoma zidebe zodontha kuti akupatseni njinga, mungakhome?"

A Zidebe anayang'ana malata amene anali pamiyendo pawo. Mkaziyo anatembenuka n'kumapita.

Lachisanu m'mawa Kalaliki anatuluka m'nyumba atapesa, nsapato zikuwala. Anapeza bambo ake ataima pakhomo la mpanda, chidebe chopanda kanthu chili m'manja.

"Nyamula."

"Chadontha?"

"Sichidontha. Pita kuchitsime."

Kalaliki anaseka, n'kuyang'ana amayi ake.

"Mzere wako ndi wautali," anatero a Zidebe. "Ndiye kuti mphamvu uli nazo zotaya. Lero ukazitayire kumene kuli phindu."

"Bambo, pali anthu akundidikira."

"Akudikira chiyani? Kuti ukawathandize kuwerenga magalimoto?"

"Inu, mukufuna mwana achite manyazi pamaso pa akazi a mudzi wonse?" analowerera amayi ake. "Anakwatiriranji?"

"Chabwino," anatero a Zidebe. "Ndipita ndine. Ndi bondo langali, ndi ndodo. Koma sindidzera njira ya kuchitunda. Ndidzera kusiteji, ndikaime pamene pamakhala anzako paja, ndiwauze kuti mwana wanga ndi wotanganidwa kwambiri, ndiye madzi osamba ndimamutungira ndine."

Kalaliki anawayang'ana kuti aone ngati akuseka. Sankaseka. Anavula jekete, n'kutsomphola chidebecho.

Anabwera patatha maola atatu. A Zidebe anamuona kuyambira pamwamba pa chitunda. Anayamba ndi pamutu, chidebe n'kumuphimba ndi madzi kumaso. Anachiika paphewa. Anachigwira ndi dzanja lamanja, thupi litapendekera kumanzere, kenako ndi lamanzere. Anathamanga nacho pang'ono kuti zithe msanga, n'kupunthwa, n'kudzuka, n'kubwerera kukatola nsapato. Pofika pakhomo, m'chidebe munali madzi okwana kutsukira mbale zitatu, ndipo mbali imodzi inali itabonyoka.

"Chidebe chake n'chopangidwa molakwika," anatero akupuma wefuwefu. "Chogwirira chili pamalo olakwika."

Amayi ake anamuthamangira ndi thaulo. Mkazi wake analowa kukhitchini mwachangu, ndipo kumeneko kunamveka ngati munthu watsamwa. A Zidebe anatenga chidebecho n'kukachiwongola ndi nyundo yamtengo. Tsiku limenelo anaimba mluzu pogwira ntchito, chinthu chimene anali atachisiya zaka zambiri. Ankaganiza kuti aphunzitsa munthu.

Njinga zinabwera Lachitatu lotsatira pa lole, mapepala akadali okulunga pamahandulo. Anthu anasonkhana pabwalo la sukulu. A Dokotala anavala jekete ndi tayi, ndipo panali mlendo wina wojambula zithunzi. Anayamba kuitana makomo limodzi limodzi. A Zidebe anawerenga chamumtima. Mwa njinga khumi zoyambirira, akazi analandira ziwiri, ndipo mmodzi wa iwo anali mayi wina wotsimphina amene thupi lonse limagwedezeka akamayenda.

Atafika pakhomo pa a Zidebe, a Dokotala anayang'ana pakompyuta n'kukweza nsidze.

"Apa ndiye panali mpikisano. Sabata yachiwiriyi mayi anakwera ndithu, makamaka Lachinayi. Bambo anali atatsika, kaya anadwala kaya chiyani."

"Nsapato inkandiluma," anatero Kalaliki.

"Koma Lachisanu! Anthuni, Lachisanu bambo awa anagwira ntchito ngati ng'ombe yapangolo. Maola atatu osapuma. M'mudzi monse muno palibe amene anafika pamenepa. Munkatani, bambo?"

"Ndinkatunga madzi," anatero Kalaliki mokweza, akukonza kolala. "Kuthandiza mayi kunyumba. Ndi oyembekezera."

Wojambula uja anaomba m'manja, ena n'kutsatira. A Dokotala anati izi n'zimene amafuna kuona, abambo otengapo gawo. Anamujambula Kalaliki atagwira njinga, kenako anaitana mkazi wake kuti aime pambali pake, amwetulire.

A Zidebe anayandikira tebulo.

"Popanda Lachisanulo, ikanapita kwa ndani?"

A Dokotala anayang'ananso pakompyuta, n'kukanda kumutu.

"Zikanakhala pafupi kwambiri, bambo. Mwina mayi. Koma Lachisanu linalipo."

Pobwerera, Kalaliki anatsogola akuliza belu. Amayi ake ankauza aliyense wokumana naye kuti Mulungu sapatsa waulesi. A Zidebe anatsalira kumbuyo ndi ndodo yawo, ndipo mpongozi wawo anachepetsa liwiro kuti asawasiye okha.

M'mawa mwake Kalaliki anakankhira njingayo kushedi.

"Bambo, mundibwereke sipanala ya teni."

"Ya chiyani?"

"Ndichotse keriyalayi."

A Zidebe anaika lumo lodulira malata pansi.

"Keriyala imeneyo ndiyo njingayo. Zigubu ziwiri, ulendo m'mawa, ulendo madzulo. Ngati iwe ukuchita manyazi, mupatse mkazi wako azikankha yekha. Ola limodzi wabwera, njinga yako n'kuitenga."

"Madzi ndi chitsulo sizigwirizana, bambo. Inu mukudziwa kuposa ine. Ichita dzimbiri mwezi usanathe. Komanso keriyala imaitana mavuto. Aliyense azidzati ndinyamulire thumba, ndiperekeze kuchipatala. Njinga ya munthu woyendera zinthu imafunika kupepuka."

"Unanena pamaso pa anthu kuti umathandiza mkazi wako."

"Ndinanama? Sindinatunge?"

"Sipanala ndilibe."

"Ili m'kabokosi kobiriwira," anatero amayi a Kalaliki, amene anali atafika kale kumbuyo kwawo. Anawerama, n'kuitulutsa okha, n'kuipereka kwa mwana wawo. "Zaka makumi anayi ndikusesa m'shedi muno. Pepala lanena, boma la makina lanena, inu ndinu ndani? Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Musiyeni mwana adyerere thukuta lake."

Mabawuti anali anayi. Kalaliki anavutika nawo, chifukwa ankapotokolera kolakwika, ndipo bambo ake anangomuyang'ana osamuuza. Pamapeto pake keriyala inachoka. Anaiponya pamulu wa zidutswa za malata, n'kukwera njinga, n'kutuluka akuliza belu ngakhale kuti panjira panalibe munthu.

Mpongozi anatuluka kukhitchini chidebe chili m'manja, nkhata ili kukhwapa. M'chiuno munalibenso kamboni. Anali atabweza dzulo lake.

"Apongozi," anaitana a Zidebe. "Bweretsani kuno chidebecho."

Anabwera nacho.

"Ndichidule. Ndichotse chigawo cha pamwambachi, ndipindenso mkombero. Chizilowa malita khumi ndi awiri. Ndi ntchito ya ola limodzi."

Mkaziyo anayang'ana chidebecho, kenako mgolo umene unali pafupi ndi khitchini.

"Mgolowo mudulanso?"

A Zidebe anayang'ana mgolowo.

"Mukachidula ndizipita kasanu ndi kawiri, apongozi. Chisiyeni. Ndachizolowera." Anazengereza pang'ono. "Koma Lachisanu lija ndinaseka. Zikomo."

Anatenga chidebe chake n'kutuluka pampanda. A Zidebe anamuyang'ana mpaka anayamba kukwera chitunda.

"Odi kuno, a Zidebe!"

Anali mayi wina wa kutsidya kwa msewu, wonenepa, atanyamula ambulera ngakhale kuti kunalibe dzuwa kapena mvula.

"Mwana wanga wakwatira mwezi wathawu, mwamva? Ndiye ndikufuna chidebe chatsopano cha mpongozi wanga. Koma osati timakapu timene mumapangira ena ija. Chachikulu. Ndi mtsikana wamphamvu zake."

"Cha malita angati?"

"Chimakwana makumi awiri ndi asanu?"

"Chimakwana."

"Loweruka?"

"Loweruka."

Mayiyo atapita, a Zidebe anakoka lata latsopano, n'kuliyala pansi, n'kuliponda ndi bondo labwinolo. Anayeza ndi chingwe, nalemba mzere ndi msomali. Kenako anatenga lumo n'kuyamba kudula.